Fumbi lakuda la mabuleki lakanirira pa marimu, ndilichotse bwanji?

Bambo a Tiwonge, ku Katoto:

Akuluakulu a pagulu pano, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa bwino za galimoto. Ndili ndi Toyota Axio imene ndinaitanitsa kudzera ku Dar es Salaam zaka zitatu zapitazo, ndipo inabwera ndi marimu a aluminiyamu a mtundu wa siliva amene pa nthawiyo ankawala bwino kwambiri. Chifukwa cha ntchito ndimatsikira ku Nkhata Bay kawiri pa sabata n'kubwerako tsiku lomwelo, ndipo nthawi zonse ndikafika kunyumba marimu akutsogolo amakhala atada bii ngati kunsi kwa mphika, pamene akumbuyo amangokhala ndi fumbi lofiira la mumsewu lomwe limachoka ndi madzi okha.

Poyamba ndinkangopukuta ndi siponji ndi sopo waufa wochapira zovala, ndipo zinkatheka. Koma chiyambire mvula ya chaka chino, zakudazo zasanduka timadontho tolimba tofiirira, makamaka m'makona momwe miyendo ya rimu imakumana ndi mkombero wake, ndipo munthu akadutsitsapo chala amamva kukhakhala ngati wakhudza mchenga. Mwezi wathawu ndinapititsa galimotoyi ku car wash ina m'tauni muno. Nditatembenuka kuti ndiyankhe foni, mnyamata wa pamalopo anatenga waya wokwechera mapoto n'kuyamba kukwecha rimu yakutsogolo kumanja, ndipo pamene ndinkamuletsa anali atamaliza kale theka. Malo amenewo tsopano ndi otuwa, ali ndi timizere tambirimbiri, ndipo amagwira litsiro msanga kuposa kale.

Mafunso anga ndi atatu. Kodi zakudazi n'chiyani kwenikweni, popeza si matope? Ndingazichotse ndi chiyani chopezeka kuno ku Mzuzu popanda kuwononga marimu atatu otsalawo? Komanso ndaona kuti rimu yakutsogolo kumanzere imada kwambiri kuposa yakumanja, kodi zimenezi zili ndi tanthauzo lililonse?

Achimwene a ku Chibavi:

Bambo, musavutike ndi zambiri. Tengani madzi pang'ono a m'batire yakale, muwasungunule m'ndowa ya madzi, muwaze pa rimu n'kutsukuluza msanga. Apo ayi, nsanza yoviika m'parafini kapena m'dizilo imachotsanso. Ine ndimachita zimenezi pa minibasi ndipo sindinaonepo vuto.

Mphunzitsi wa sayansi, ku Ekwendeni:

Achimwene a ku Chibavi, mundikhululukire, koma malangizo amenewa ndi oopsa pa marimu a aluminiyamu. Marimu a minibasi nthawi zambiri amakhala achitsulo opakidwa penti, ndipo akawonongeka munthu amangowapakanso penti yakuda kapena yasiliva n'kuiwala. A bambo a Tiwonge ndi osiyana. Madzi a m'batire ndi asidi wa sulphuric, amene amawotcha khungu, kuboola zovala, ndipo akalowa paliponse pamene vanishi yoteteza pamwamba pa rimu yasupuka amayamba kudya chitsulo cha pansi pake, komanso amachititsa dzimbiri manati ndi zitsulo za mabuleki zomwe zili kuseri.

Ndiyankhe funso loyamba, chifukwa yankho lake ndi limene likusonyeza chochita. Mukaponda buleki, mapadi awiri amapana disiki imene ikuzungulira limodzi ndi tayala, ndipo zonse ziwiri zimaperepeseka pang'onopang'ono. Disiki ndi yachitsulo chosungunula, ndipo mapadi ambiri otsika mtengo ali ndi ulusi wachitsulo, kopa, graphite ndi utomoni umene umamata zonsezi pamodzi. Choncho fumbi lakudalo mbali yake yaikulu ndi tizidutswa ta chitsulo, ndipo timauluka tili totentha n'kukamatirira pa vanishi ya rimu. Tikakumana ndi chinyezi timachita dzimbiri, ndipo dzimbirilo ndi limene limaoneka ngati timadontho tofiirira tokhakhala. Ndi mvula yowaza ndi nkhungu ya ku Mzuzu, imene imachititsa kuti galimoto igone yonyowa masiku angapo otsatizana, n'zosadabwitsa kuti vutoli lakula nyengo ino. Sopo amachotsa fumbi lomwe langokhala pamwamba, koma sangasungunule chitsulo cholowa m'vanishi, ndipo kukwecha mwamphamvu kumangokokera tizitsulo tomweto pa penti ngati sandipepa.

Mankhwala oyenera amatchedwa iron remover kapena fallout remover. Ambiri mwa iwo ali ndi mchere wa thioglycolate, wa m'banja limodzi ndi mankhwala ena opangira tsitsi ku saluni, ndipo fungo lake ndi loipa ngati dzira lovunda. Mukawaza pa rimu yozizira ndi youma, pakapita mphindi ziwiri kapena zitatu mumaona madzi akuyenderera a mtundu wa GV, uja amapaka pa zilonda, ndipo mtunduwo ndi chizindikiro chakuti mankhwala agwirana ndi chitsulo n'kuchisungunula. Pamenepo mumapukusa pang'ono ndi burashi yofewa n'kutsukuluza ndi madzi ambiri asanaume. Ngati timadontho tina tatsala, mubwereze kachiwiri m'malo mowonjezera mphamvu ya dzanja.

Pogula muwerenge botolo. Mankhwala ena otsukira marimu ali ndi asidi wa hydrofluoric kapena ammonium bifluoride, ndipo amayeretsa mwachangu mochititsa kaso, koma asidi ameneyu amalowa pakhungu n'kumawononga mkati munthu asanayambe kumva ululu. Musankhe botolo lolembedwa kuti pH neutral kapena acid free. Ndiponso musayerekeze kugwiritsa ntchito caustic soda, amene ena amapangira sopo, chifukwa iyeyu amadya aluminiyamu yeniyeniyo n'kusiya mawanga otuwa osachokanso.

Mayi a Vitumbiko, ku Mchengautuwa:

Aphunzitsi afotokoza bwino, koma mankhwala amenewa sapezeka mu shopu iliyonse, ndipo akapezeka mtengo wake umabaya. Ine ndinachita kutumiza m'bale wanga amene amapita ku Lilongwe. Pamene ndinkadikira, ndinachita zotsatirazi ndipo zinathandiza kwambiri, ngakhale sizinachotse madontho akale onse. Ndinkatsuka m'mamawa galimoto isanayende, marimu ali ozizira, chifukwa pa rimu yotentha sopo amaumirapo n'kusiya mikwingwirima. Ndinkayamba ndi kuthira madzi ambiri kuti mchenga utsike wokha, kenako ndowa ya madzi ofunda yokhala ndi sopo wamadzi wotsukira mbale pang'ono, burashi yatsopano yopakira penti yolowetsa pakati pa miyendo ya rimu, ndi mswachi wakale wa m'mabowo a manati. Chitsulo chimene chimagwira ubweya wa burashi ndinachikulunga ndi tepi kuti chisakande. Nsanza ya marimu ikhale yakeyake, isakhudzenso thupi la galimoto, chifukwa imakhala itadzaza tizitsulo tomwe aphunzitsi anenato.

Marimu atauma ndinapaka polishi wa galimoto yemwe ndimapaka pa boneti, ndipo kuchokera pamenepo fumbi silikaniriranso monga kale. Chinsinsi chachikulu ndi kusalola kuti fumbilo ligonepo masabata. Inuyo popeza mumatsika kunyanja kawiri pa sabata, mphindi khumi za Loweruka lililonse zingakupulumutseni ku zonsezi.

Makaniko wa ku Luwinga:

Bambo a Tiwonge, anzathuwa ayankha za kutsuka, koma ine chandikhudza ndi funso lanu lomaliza, ndipo ndikupemphani kuti muyambe ndi limenelo musanagule botolo lililonse.

Kuda kwa marimu akutsogolo pamene akumbuyo ali oyera si vuto. Galimoto ikamaima, kulemera kwake kumakankhikira kutsogolo, choncho mabuleki akutsogolo amagwira pafupifupi magawo awiri mwa magawo atatu a ntchito yonse. Komanso Axio yanu kumbuyo ili ndi mabuleki a dramu, amene fumbi lake limatsalira mkati osafika pa rimu. Koma kumanzere ndi kumanja ziyenera kuda mofanana. Ngati mbali imodzi ikuda kwambiri, kawirikawiri ndiye kuti kalipa ya mbali imeneyo, chitsulo chimene chimapanitsa mapadi pa disiki, sikumasula bwino mukachotsa phazi, mwina chifukwa timapini take tauma girisi ndipo tachita dzimbiri, kapena pisitoni ikugwira, ndipo padi imangokhalira kukhula disiki ulendo wonse. Nthawi zina zimakhala mosemphana, kuti mbali yoyerayo ndi imene sikugwira mokwanira ndipo inzake ikusenza katundu yokha.

Mukhoza kuyesa nokha. Muyende makilomita ochepa pamalo athyathyathya osaponda buleki kawirikawiri, muime, ndipo muyandikize dzanja pafupi ndi rimu iliyonse yakutsogolo osaikhudza. Ngati ina ikutulutsa kutentha koposa inzake, kapena mukumva fungo la chinthu chopserera, musatsikirenso ku Nkhata Bay musanaionetse. Muonenso ngati galimoto imakokera mbali imodzi mukaponda buleki. Padi yatsopano imakhala yokhuthala pafupifupi mamilimita 10 kapena kuposa pang'ono, ndipo ikafika pa mamilimita 3 ndi nthawi yoti isinthidwe, mbali zonse ziwiri nthawi imodzi.

Za parafini ndi dizilo zimene zanenedwa pamwambapa, ndikukana kotheratu. Mafuta aliwonse akadontha pa disiki amalowa m'mapadi, ndipo buleki imayamba kuterera. Chimodzimodzinso mankhwala owalitsa matayala, muziwapaka ndi siponji osati kuwaza. Koma mukatsuka ndi madzi n'kuona disiki yachita dzimbiri lachikasu pakangopita ola limodzi, musade nkhawa, chifukwa limachoka mukangoponda buleki kangapo.

Chinanso ndi kayendetsedwe. Kuchoka mu Mzuzu kukafika kunyanja ndi mtunda wosakwana makilomita 50, koma mumatsika mamita oposa 700, ndipo ndaonapo madalaivala ambiri a galimoto za automatic akutsetsereka mpaka ku Mpamba ali pa giya ya D, phazi lili pa buleki njira yonse. Pamitsetse ikuluikulu muziika giya yotsika, kaya pa galimoto yanu inalembedwa B, S, L kapena 2, kuti injini izithandiza kugwira galimoto, ndipo buleki muziiponda molimba kanthawi kochepa n'kuisiya kuti ipume. Amene amatsika Chiweta ndi katundu amadziwa kuti mabuleki akatentha kwambiri amasiya kugwira. Mukasintha kayendetsedwe, fumbinso lichepa lokha. Mapadi a ceramic amatulutsa fumbi lochepa ndiponso lotuwa, koma muonetsetse kuti ndi enieni, chifukwa mawu olembedwa pa katoni ndi zomwe zili mkati nthawi zina sizigwirizana.

Namwino wopuma pa ntchito, ku Chiputula:

Ndiwonjezere mawu ochepa okhudza thanzi, makamaka kwa ana athu ogwira ntchito m'magalaja. Fumbi la mabuleki lisamauziridwe ndi mpweya wa kompuresa kapena kuphumphunthidwa ndi nsanza youma. Mapadi akale ankapangidwa ndi asbestos, ndipo ena osadziwika kumene achokera angakhale nayobe, pamene ulusi wake ukalowa m'mapapo umayambitsa matenda amene amaonekera patapita zaka zambiri. Muzinyowetsa kaye musanapukute, muzivala magolovesi, ndipo madzi otsukirawo muziwataya pa dothi kutali ndi chitsime, osati kukatsukira galimoto m'mphepete mwa Lunyangwa.

Achimwene a ku Chibavi:

Ndamva, akuluakulu, za asidi ndasiya. Komabe ndikufunsa, nanga rimu imene yakwechedwa kale ndi waya ija, si bwino kungoimaliza yonse kuti ifanane?

Makaniko wa ku Luwinga:

Ayi achimwene, kutero ndi kuchotsa vanishi yotsalayo, ndipo aluminiyamu yopanda chophimba imayamba kutuwa ndi kufufuma. Ngati timizereto sitikugwira chikhadabo, polishi wokhala ndi mphamvu yokhula pang'ono, amene opopera penti amamutcha rubbing compound, angabwezeretse kuwala kwina. Ngati chikhadabo chikukodwa, rimuyo ichotsedwe, ikhulidwe ndi sandipepa wosalala wa m'madzi, ipoperedwe penti yasiliva ndi vanishi. Mtundu wake sudzafanana ndendende ndi zinzake, choncho ambiri amapopera ziwiri za mbali imodzi.

Bambo a Tiwonge, ku Katoto:

Yewo chomene nonse, ndabwera kudzanena zomwe ndapeza. Dzulo madzulo ndinayenda kuchoka ku Katoto kukafika ku Luwinga n'kubwerera, ndipo nditayandikiza dzanja, rimu yakumanzere inali ngati mbaula pamene yakumanja inali yofunda chabe. Lero m'mawa makaniko wanga wamasula tayala, ndipo kapini kamodzi ka kalipa kanali katagwiriratu moti anachita kukagogoda kuti katuluke, chifukwa kalabala kake kanang'ambika ndipo munalowa madzi. Padi yamkati yatsala pafupifupi mamilimita 2 pamene yakunja idakali yokhuthala ndithu. Tasintha mapadi mbali zonse ziwiri, timapini tatsukidwa n'kupakidwa girisi ya mabuleki, ndipo popeza matayala anali atachotsedwa kale, ndinatsuka kuseri kwa marimu monga anafotokozera mayi a Vitumbiko. Madzi a m'ndowa anada mpaka ndinawasintha katatu.

Timadontho tofiirira ta m'makona tidakalipo, choncho ndikufunabe iron remover uja. Mayi a Vitumbiko, kodi botolo la theka la lita linakukwanirani marimu onse anayi, kapena ndituminize awiri?