Za ulendo wa ku Dún Chaoin, alipo anapitako?

Mayi a Tadala: Muli bwanji nonse abale? Tadala wabwera ndi homuweki ya Irish, chinenero cha kuno ku Ireland, akuti alembe za chilumba cha Blasket, ndipo aphunzitsi awauza kuti kudera la Kerry kuli myuziyamu yake. Ine chinenerocho ndimangochionera pa zikwangwani za basi. Alipo anafikako? Ndikufuna ndimutengereko ndikapeza ofu.

Ankolo a ku Tralee: Mwafunsa mwini dera, chemwali. Malowo dzina lake ndi Ionad an Bhlascaoid, pa Chingerezi amati Blasket Centre. Ali m'mudzi wa Dún Chaoin, kupitirira Dingle, kumene msewu umakathera m'nyanja. Koma zoti mupita m'mawa n'kubwerera madzulo, iwalani. Sitima kuchokera pa siteshoni ya Heuston ku Dublin kufika kuno ku Tralee ndi maola ngati 4, kawirikawiri mumasintha pa Mallow. Mukatsika mukwere basi 275 ya Bus Éireann mpaka Dingle, ola limodzi. Kuchoka apo pali kabasi ka Local Link, ndipo kameneko si minibasi ya ku Ndirande yoti ina ikachoka ina yafika kale. Onani nthawi zake musananyamuke. Pemphani maofu awiri otsatizana.

Mayi a Tadala: Iii, maofu awiri otsatizana pa nursing home pathu? Mpaka ndichite kusinthana ndi munthu.

Nabanda: Sinthanani basi, mumubwezere Lamlungu lina. Tikiti ya sitima mugule pa intaneti padakali masiku, ya pawindo tsiku lomwelo imaluma. Komanso sis, malowo amatseka nyengo yozizira. Ine ndinapita mu Julayi, dzuwa likulowa cha m'ma 10 usiku, komabe mphepo yake inandivalitsa jekete.

Aphiri: Bwanji osangopita ku Belfast? Ndinamva kuti pa Falls Road pali Cultúrlann, nako n'kwa chinenero chomwechi. Basi yake maola awiri okha kuchokera ku Dublin.

Ankolo a ku Tralee: Aphiri, musawaike anzanu m'mavuto. Belfast ndi UK. Pamalire palibe geti, inde, koma khadi la IRP, lokulolani kukhala kuno ku Ireland, silikupatsani chilolezo cholowera kumeneko ndi pasipoti ya Malawi. Pamafunika visa ya UK, ndipo mabasi nthawi zina amaimitsidwa n'kufunsa mapepala. Munthu wavutikira sitampa yake zaka zonsezi akaitaye chifukwa cha homuweki ya mwana?

Aphiri: Pepani akulu, ndabweza mawu anga.

Achimwene a ku Tallaght: Ngati thumba lili lopepuka, yambani ndi Pearse Museum ku Rathfarnham, m'paki ya St Enda's. Kulowa n'kwaulere, basi 16 imadutsa pomwepo. Inali sukulu ya Patrick Pearse, uja anaphedwa mu 1916 atatsogolera kuukira boma la Britain. Anaiyambitsa mu 1908 kuti ana aziphunzira m'zinenero zonse ziwiri, Irish ndi Chingerezi, n'kuisamutsira kumeneko mu 1910. Koma za Blasket zenizenizo simukazipeza.

Nabanda: Ayi, apite ku Kerry konko. Ine ndinalowa mongoperekeza anzanga, koma ndinatuluka kukhosi kuli gwa. Pachilumbacho pankakhala anthu pafupifupi 175 nthawi imene anachuluka kwambiri, onse olankhula Irish yokhayokha. Ankapha nsomba pa timabwato totchedwa naomhóg, ta timatabwa tokutidwa ndi chinsalu chopaka phula. Ukakaona umadabwa kuti munthu angalowe nako m'nyanja ya Atlantic, bwato la ku Chizumulu lili bwino. Ndiye achinyamata anayamba kuchoka mmodzimmodzi, ambiri kupita ku Springfield ku America. Wotsogola amatumiza ya tikiti kwa mng'ono wake, mng'onoyo n'kutumiziranso mlongo wake. Ndinaima pamenepo ndikuwerenga, n'kukumbukira kuti ineyo anandiitanitsa ndi achemwali anga, inenso ndikusonkhera wina.

Ankolo a ku Tralee: Sukulu yawo inatsekedwa mu 1941 ana atachepa. Mu 1947 mnyamata wina anadwala nyanja itawinduka, dokotala sanathe kuwoloka, mpaka anamwalira. Apa ndi pamene anthu anataya mtima n'kupempha boma kuti liwasamutse. Mu Novembala 1953 otsalawo, anthu 22, anawolotsedwa. Ambiri anawamangira nyumba ku Dún Chaoin komweko, poti akatsegula chitseko aziona kwawo tsidya.

Mayi a Tadala: Tadala akuti kunali agogo ena otchedwa Peig.

Nabanda: Peig Sayers. Katswiri wa nthano, ngati agogo athu aja a padangotero. Kulemba Irish sankatha, ankangofotokoza mwana wake n'kumalemba, buku n'kutuluka mu 1936. Anzanga akuntchito ndikangotchula dzinali amabuula, akuti anawakakamiza kuliwerenga kusekondale ndipo muli maliro okhaokha. Koma mukamva mawu a anthuwo ojambulidwa mu Blasket Centre muja, ngakhale osamva tanthauzo, mumadziwa kuti uyu akusimba nkhani.

Aphiri: Koma chinenerocho alipo amachilankhuladi? Kuno ku Dublin sindinamvepo munthu akugula buledi m'Chi-Irish.

Achimwene a ku Tallaght: Kalembera wa 2022 anapeza anthu pafupifupi 1.9 miliyoni onena kuti amachitha, koma ochilankhula tsiku ndi tsiku kunja kwa sukulu ndi 72,000 chabe. Ena mwa iwo ali m'madera otchedwa Gaeltacht, kumene Irish imalankhulidwabe pakhomo, ndipo Dún Chaoin ndi limodzi mwa amenewo. Wanga wamng'ono amachikhoza m'kalasi, koma agogo ake akaimba kuchokera ku Dedza amangoti "ndili bwino" n'kundipatsira foni.

Mayi a Tadala: Musayambe zimenezo achimwene, kwathu kuno n'chimodzimodzi.

Nabanda: Chenjezo lina, musadzachite manyazi ngati ine. Pa zimbudzi za m'malo ena kumeneko amangolemba Fir ndi Mná. Ine ndinaona F n'kuganiza kuti ndi ya akazi. Fir ndi amuna! Ya ife ndi Mná. Bambo amene ndinakumana nawo pakhomo anangoseka.

Ankolo a ku Tralee: Zikwangwani za m'misewu ya Gaeltacht nazonso n'za Irish yokha. Wobwera pagalimoto adziwe kuti Géill Slí ndiye kuti patsani njira, ndipo msewu wa Slea Head muzungulire kudzera ku Ventry, mbali imene amayendera mabasi a alendo, apo ayi mukakumana nawo pamphepete pa phompho. Moni wake ndi Dia duit, zikomo ndi go raibh maith agat. Tadala akuphunzitseni katchulidwe, chifukwa momwe amalembera si momwe amanenera. Boti lopita pachilumba penipenipo limayenda nyengo yotentha yokha, nyanja ikalusa silinyamuka, ndiye musamulonjeze mwana.

Mayi a Tadala: Nanga kogona? Dingle ndamva kuti mitengo yake ndi ya alendo a ku America.

Ankolo a ku Tralee: Mugone kwathu kuno, pabalaza pali malo, azakhali anu avomera kale. Loweruka ndikakhala sindili pa shifiti ndikuperekezani pagalimoto, mungothira mafuta. Mubwere ndi ufa wa ku Moore Street ku Dublin, wathu watha.

Mayi a Tadala: Zikomo ankolo. Rota ya Juni ikatuluka Lachisanu ndikuuzani tsiku. Ufa makilo angati?