Galimoto ija yalira tsopano

Abale ndabweranso ndi nkhani ya galimoto ija ndinkafunsa, yomwe inakana kulira nditasintha ma plug, ma cable ake, coil (yomwe imakweza mphamvu ya magetsi kuti ma plug atulutse moto) ndi distributor cap (chivundikiro chomwe ma cable a ma plug amalumikizidwapo). Stata imazungulira bwinobwino koma injini osagwira ayi, kumangophulika phuu ku ekizozi mwa apo ndi apo.

Ambiri munati ndi batire, ndinayeza inali pa 12.6 volts, kutanthauza kuti ndi yodzaza, ndiye siimeneyo. Mafuta amafika, ma plug ndinawapeza onyowa akununkha petulo, ndipo nditagunditsa imodzi pa chitsulo cha injini mnzanga akutembenuza kiyi moto wa buluu umatuluka ndithu.

Kani wolakwa ndinali ineyo, manyazi bwanji. Ma cable akale ndinangozula onse nthawi imodzi osajambula nkomwe, pobwezera ndinawandandalika 1-2-3-4 pa cap pomwe injini yangayi ya masilinda 4 imafuna 1-3-4-2, ndiye moto umapita ku silinda yolakwika. Ndinazungulitsa injini mpaka silinda 1 ifike pamwamba pa compression (pomwe pisitoni yakwera mpaka pamwamba ikupanikiza mpweya ndi petulo), kuona pomwe rotor (kachipangizo kozungulira mkati mwa cap kogawa moto) yaloza nkuyambira pamenepo kutsata mbali yomwe imazungulira. Ndaumitsa ma plug, kiyi kamodzi basi yalira.

Coil yakale ija ndikukayika ngati inali yakufa, ndaisunga kaye.