Benz 230E ya madala: ndichotse injection ndiike kabuleta?

Mwana_wa_Chirimba:
Akuluakulu ndithandizeni maganizo. Ndili ndi Benz W123 230E imene anasiya madala athu, yakhala pa jeke zaka zingapo osayenda, ndiye chaka chino ndati ndiidzutse. Mmawa ikulira bwinobwino koma ikangotentha ndikaizimitsa kuti ndigule kanthu pa golosale, kuti ilirenso ndi nkhondo, batire mpaka kutha, komanso pa idling ikunjenjemera ndipo utsi wake ndi wakuda. Makaniko amene akundiwonera akuti injection imeneyi ndi matenda okhaokha, tichotse zonse tiike kabuleta ya Benz 200 nkhani ithe. Ine mtima ukukana pang'ono chifukwa madala ankaikonda momwe ilili koma nanga ndizingoithira ndalama mpaka liti? Alipo anapangapo zimenezi? Chimafunika ndi chani ndipo mphamvu yake imatsika kwambiri?

Sipanala17:
Achimwene zimatheka, ndipo pa galimoto imeneyo mwayi ulipo chifukwa 230E ndi 200 zoyambira 1980 zonse ndi injini ya M102, kusiyana kwake ina ndi 2.3 ina ndi 2.0. Koma musaganize kuti ndi kungomasula ichi nkumanga icho ayi. Mufunika manifold ya kabuleta, kabuletayo (200 inkabwera ndi Stromberg 175 CD), chikho cha air filter, ndi ma linkage a accelerator chifukwa a injection sagwirizana nawo. Chachikulu chimene anthu amapusa nacho ndi pampu. Pampu ya 230E ili kumbuyo pafupi ndi tanki imakankha petulo cha mma 5 bar, pomwe kabuleta imangofuna cha mma 0.2 kapena 0.3 bar basi. Mukaisiya pampu yomweyo kabuleta izingosefukira, petulo kutayikira pa injini yotentha, galimoto kupsa inu mukuwona. Ndiye muchotse muike kapampu ka magetsi ka low pressure. Bowo lililonse limene latsala la injector kapena la vacuum mutseke bwino, ikamakoka mphepo ya mmbali idling simudzaipeza. Komanso singano ya mu Stromberg ya 200 anaiyeza pa injini ya 2.0, pa 2.3 muyenera kuikonzanso apo ayi izikhala ndi njala ya mafuta mukaponda.

Gogo_Dizilo:
Mwanawe ine ndikutsutsa. Makaniko akoyo wayeza pressure ya mafuta asananene zochotsazo? Ndikufunsa dala chifukwa ndikudziwa kuti sanayeze. Anyamata ambiri akangomva kuti injection amaganiza za kompyuta ndi ma sensor, chikhalirecho injection ya 230E ndi Bosch K-Jetronic, ya mma 1970, mulibe kompyuta mmenemo. Mphepo ikamalowa imakankha kambale, kambaleko kamasuntha ka plunger mu fuel distributor (chija chili ndi mapaipi achitsulo opita ku silinda iliyonse), mafuta nkumapita ku ma injector mosalekeza. Zonse zimayendera pressure basi.

Matenda wanenawo ine ndikuwawerenga chonchi. Kukana kulira ikatentha nthawi zambiri ndi accumulator kapena ka check valve ka pa pampu, ntchito yake ndi kusunga pressure mu mapaipi ukazimitsa injini, zikafa petulo amawira mmapaipi ndiye uziliza mpaka batire kufa. Utsi wakuda yang'anani warm-up regulator, imayenera kukweza control pressure kufika cha mma 3.5 bar injini ikatentha, ikakanika galimoto imangokhala ngati ili pa choke tsiku lonse. Ndipo poti yakhala zaka osayenda, petulo wakale amauma nkusanduka phula, plunger uja amamatirira, ma injector amadontha mmalo mopopera. Tsukani tanki kaye, dzimbiri la mu tanki ndi limene limapha K-Jetronic, sinthani filter, kenako mupeze munthu wa geji yoyezera pressure ya mafuta. Zimenezo zikalephera ndiye tikambe za kabuleta.

Za mphamvu wafunsazo, 230E inatuluka ndi 136 hp, 200 ya kabuleta 109. Iweyo ukhala penapake pakati, koma 136 uyiwale.

Sipanala17:
Agogo zonse mwanenazo ndi zoona sindikukana, koma geji ya K-Jetronic ndi munthu woidziwa muwapeza kuti ku Ndirande kuno? Kabuleta ikavuta pa Zalewa mnyamata aliyense wa sikuludiraiva aimasula nkuipemerera mupitirize ulendo. Fuel distributor ikafa mutani pamenepo, muyitanitsa kunja nkudikira mwezi. Ndi chifukwa chake ngakhale ma Corolla a injini ya injection ya 5A-FE anthu ena amawabweza pa kabuleta ya 5A-F, sikuti ndi zabwino kuposa, ndi zoti amatha kukonza okha.

Achakulungwa_Jozi:
Ndilowepo pang'ono ndili ku Johannesburg. Ma W123 ankamangidwanso kuno ku South Africa, ku East London, ndiye mu ma scrapyard zida zake zimapezekabe, za injection ndi za kabuleta zomwe, ndipo K-Jetronic yomweyi inalinso mu Golf GTI yoyamba ndi ma Volvo 240 ena ndiye anthu oikonza alipo, amatha kuphwasula fuel distributor nkuika ma seal atsopano. Accumulator ndi filter ndi tinthu tokwana mu chikwama, munthu wobwera pa basi atha kukutengerani. Chimene ndikuchenjezeni aise ndi chakuti kabuleta imene mukaigule nayonso ndi ya zaka 40, si yatsopano. Stromberg ili ndi diaphragm ya labala pamwamba, ikang'ambika galimoto siikoka, imafunanso oyilo mu damper, ndipo shaft ya throttle ikadyeka imakoka mphepo, choke yake ya automatic nayo ili ndi mavuto ake. Mutha kuchotsa chinthu chakale chodwala nkuika chinthu chakale chodwalanso. Komanso kuno 230E imene yasinthidwa kukhala ya kabuleta mtengo umagwa, ogula magalimoto akale amatsegula bonet kaye asanakupatseni moni.

Mai_a_Tadala:
Ine si makaniko koma bambo a kunyumba ali ndi pickup yakale ya kabuleta ndiye ndimamva madandaulo ake tsiku ndi tsiku kkkk. Musaiwale kuti petulo wa kuno kwathu amasakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol sagwirizana ndi malabala akalekale, amawafewetsa kapena kuwaumitsa, komanso amakoka madzi galimoto ikangokhala osayenda. Kaya musankha kabuleta kaya musiya injection mapaipi onse a labala a mafuta musinthe muike atsopano. Ndipo ndi mmene mafuta amasowera nthawi zina muno, kabuleta yosatchunidwa bwino imamwa zoti mudzaima pa mzere kawiri pa sabata, izo ndiye ndaziona ndi maso.

Mwana_wa_Chirimba:
Zikomo nonse. Agogo mwalasa, ndamuimbira makaniko uja wavomera kuti sanayeze chilichonse, geji alibe, ndipo tanki sitinaitsuke tinangothira petulo watsopano pamwamba pa wakale. Loweruka titsitsa tanki. Achakulungwa ndikulemberani ku inbox za accumulator, filter ndi check valve, ngati geji yake ikupezeka pa mtengo wabwino muiikenso mu chikwamamo. A Sipanala manifold ndi Stromberg mukaziwona penapake mundiuzebe mtengo, ndikufuna ndidziwe mbali zonse.

Gogo_Dizilo:
Pansi pa tanki pali kasefa kolowera mkati, kamamasuka ndi sipanala yaikulu, nakonso mukatulutse mutsuke. Ndipo musakhudze sikuluwu ya mixture ija ili pakati pa fuel distributor ndi kambale mpaka pressure itayezedwa, anyamata amathamangira pomwepo nkusokoneza zonse.