Kodi nkulakwa kukapumira kumanda a Asilamu ndi ana?

Wofunsa (dzina labisidwa): Akuluakulu a pagulu lino, ndithandizeni nzeru. Ndimakhala muno mu Mzuzu m'nyumba ya lendi, ndipo eni malo amanga nyumba ina pabwalo pomwe ana anga ankasewerera, chonsecho lendi akweza ndipo mabanja anayi tikulimbiranabe chimbudzi chimodzi. Kuchipatala anandiuza kuti ndiziyenda madzulo chifukwa cha BP, koma mumsewu akabaza sapereka mpata, ndipo mlamu wanga amene ankandiperekeza sayankha foni chiyambireni nkhani ya ngongole. Chakufupi kuno kuli manda a Asilamu osesedwa bwino, a mitengo ya mthunzi. Kodi ndingamakayende kumeneko, nkukhala pansi ana akusewera?

Bambo a ku Luwinga: Mayi, pitani mopanda mantha. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 220,000 mu Mzuzu, ndipo aliyense wopeza puloti akuthamangira kumanga mpanda, ndiye mitengo yatsala kuti kupatula kumanda? Ku Istanbul, mzinda wa Asilamu enieni, anthu amakwera phiri la Eyüp kudutsa pakati pa manda kukamwa tiyi pamwamba pake, ndipo palibe amene amawathamangitsa.

Gogo wa ku Chiputula: Mwana wanga, kwathu ku Dedza munthu salowa kumanda popanda mfumu kudziwa, ndipo ngakhale adzukulu amadikira kuuzidwa. Mitengo mukuisirirayo inakula chifukwa anthu amaopa malowo. Mukayamba kupititsako ana, mawa kubwera ogulitsa mandasi, mkuja otola nkhuni.

Bambo a ku Luwinga: Agogo, kuno si ku Dedza. Ku Cairo anthu amakhala kumanda ndi mabanja awo, amaphika ndi kuchapa komweko.

Mphunzitsi wopuma: Achimwene, a ku Cairo amakhala kumanda chifukwa chosowa nyumba, osati kukapitidwa mphepo. Mzinda womwewo utafuna malo opumira, paki ya Al-Azhar anaimanga pamalo pomwe kale pankatayidwa zinyalala, sanaimange pamwamba pa malemu a anthu.

Msilamu wa ku Katawa: Mayi, ife timapita kumanda kukachita ziyara, ndiko kupereka salamu kwa malemu, kuwapangira duwa (pemphero) ndi kukumbukira kuti nafenso tidzagona pomwepo. Kukhala pamanda kapena kupondapo nkoletsedwa, moti hadisi (mawu a Mtumiki Muhammad) imanena kuti nkwabwino kukhalira khala lamoto kusiyana ndi kukhalira manda. Vuto ndi lakuti manda athu ambiri amakhala mtumbira wadothi chabe wopanda chipilala, ndipo ukaphwa ndi mvula ya kuno, mwana wothamangira mpira sangadziwe kuti waponda munthu. Simunatiuze ngati akuikabe maliro kumeneko, kapena ngati mwalankhula ndi shehe wa mzikiti umene umayang'anira malowo.

Mnyamata wa kabaza: Amayi akuthawa ife kuti BP itsike, koma akadzamva tsamba likugwa kumanda chakumadzulo, idzakwera mpaka adzafuna kabaza yemweyo kuti awathamangitsire kuchipatala.

Mayi a ku Mchengautuwa: Ine anandilanda foni ndi ndalama za chipeleganyu panjira yodutsa m'mbali mwa manda, dzuwa lisanalowe nkomwe, ndipo mpaka lero amayi a gulu lathu amandiyang'ana ngati ndinadya ndekha.

Bambo a ku Luwinga: Akuba ali paliponse, ngakhale kudepoti. Ine ndikunenetsa kuti malo a mitengo mumzinda ndi a tonse, ndipo aphunzitsi asandiphunzitse za Cairo ngati anafikako.

Mphunzitsi wopuma: Inuyo munafikako liti?

Wofunsa: Zikomo nonse. Ndayiwala kunena kuti eni nyumba aja atsekanso mpopi wapanja, ndiye ana akumakhala m'nyumba tsiku lonse. Kodi Loweruka m'mawa ndi nthawi yabwino?

Msilamu wa ku Katawa: Mayi, ndafunsa kuti manda ake ndi a mzikiti uti. Lachisanu likatha pemphero la Juma mukawapeza a komiti onse ali pamzikiti, mukafunse kumeneko musanapite ndi ana.