Wamaliza mankhwala a zilonda zam'mimba koma magazi akuonetsabe H. pylori: tibwereze?

Wophunzira zachipatala:
Akuluakulu, ndiunikireni. Wodwala wamwa omeprazole 20 mg, amoxicillin 1 g ndi clarithromycin 500 mg, onse kawiri pa tsiku kwa masiku 14. Patha mwezi, magazi akuonetsabe H. pylori, kachilombo koyambitsa zilonda zam'mimba, ndipo chilungulira sichinaleke. Tim'bwereze mankhwala omwewa?

Wa ku labu:
Musam'bwereze kaye, achimwene, mwayeza posayenera. M'magazi simupezeka kachilomboko. Mumapezeka ma antibody, asilikali amene thupi linapanga polimbana nako, ndipo amatsalamo miyezi yambiri, ngakhale zaka, kachilombo katafa kalekale. Pofuna kudziwa ngati munthu wachira timayeza chimbudzi kapena mpweya. Poyeza mpweya, wodwala amamwa mankhwala otchedwa urea okhala ndi chizindikiro. Kachilombo kakakhalamo kamaphwanya ureayo, chizindikiro chija n'kutuluka akapumira m'kathumba.

Nthawi ndiye pamene ambiri amalakwitsa. Papite masabata 4 chimalizireni maantibayotiki, ndi masabata 2 chisiyireni omeprazole. Omeprazole amakafooketsa osakapha, ndiye mukayeza munthu akumwabe, pepala linena kuti mulibe pomwe kangobisala. Chimbudzi chamadzimadzi nachonso chimasokoneza zotsatira.

Dokotala wa zam'mimba:
Anzanga a ku labu anena zoona. Chimbudzi chikatsimikiza kuti kalipobe, clarithromycin asaonekenso: kachilombo kakapulumuka kamodzi, nthawi zambiri kamakhala katamuzolowera. N'chifukwa chake malangizo a akatswiri a zam'mimba otchedwa Maastricht amati dera limene tizilombo tosamva clarithromycin tapitirira 15 pa 100, musayambire n'komwe mankhwala atatuwo. Perekani anayi kwa masiku 14: omeprazole kawiri, bismuth 120 mg kanayi, tetracycline 500 mg kanayi, ndi metronidazole 400 mg katatu kapena kanayi pa tsiku.

Chimene chimandiwawa mtima n'choti anthu akuuzidwabe kuti zilondazi n'za njala, tsabola kapena maganizo, azingomwa mkaka. Madokotala Robin Warren ndi Barry Marshall anakapeza kachilomboka ku Perth, ku Australia, mu 1982, Marshall anachita kukamwa dala mu 1984 kuti anzake akhulupirire, ndipo awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2005. Mu 1994 bungwe lofufuza za khansa la IARC linakaika m'gulu la zoyambitsa khansa. Ku Linqu, m'chigawo cha Shandong ku China, anthu amene anamwa amoxicillin ndi omeprazole masabata awiri mu 1995 anatsatiridwa pafupifupi zaka 15, ndipo khansa ya m'chifu inachepa ndi 39 pa 100 poyerekeza ndi amene sanamwe.

Mufunseninso za mapiritsi a msana ndi mutu: ibuprofen, diclofenac, aspirin. Awa amaboola chifu paokha, popanda kachilombo. Ndipo ngati akuwonda, akusanza magazi, chakudya chikukakamira pakhosi, magazi achepa m'thupi kapena chimbudzi n'chakuda ngati phula, musataye nthawi ndi mapiritsi. Apite akamuunike m'mimba ndi kamera.

Wa ku famase:
Musanakaimbe mlandu kachilombo, achimwene, muuzeni abwere ndi mapaketi aja muwerenge otsala. Clarithromycin amasiya kuwawa m'kamwa ngati walawa chitsulo, ndipo ambiri ululu ukangotsika tsiku lachisanu amasiya, ena n'kusungira mwana wa chifuwa.

Pa anayiwo muchenjezeni zisanachitike. Bismuth amadetsa lilime ndi chimbudzi. Sizoopsa, koma chakuda chamagazi chimamata ndipo chimanunkha moipa. Pa metronidazole mowa ayi, mpaka masiku awiri atamaliza. Tetracycline asamwere mkaka, ndipo mayi woyembekezera kapena mwana wamng'ono asapatsidwe. Omeprazole amwe mphindi 30 asanadye.

Wophunzira zachipatala:
Zikomo kwambiri. Ndinaiwala kunena kuti ali pa ma ARV. Pali chosintha?

Wa ku famase:
Chachikulu zedi, onani kabuku kake lero lomwe. Ngati ali pa atazanavir, omeprazole musapereke musanakambirane ndi a ku ART, chifukwa atazanavir amafuna asidi wa m'chifu kuti alowe m'magazi. Ngati ali pa dolutegravir, omeprazole alibe vuto, koma magnesium trisilicate uja wotafuna wa chilungulira amagwira dolutegravir m'matumbo. Amwe dolutegravir maola 2 asanatafune, kapena maola 6 atatafuna.