Gulu la Chitukuko cha Kwathu, Nthambi ya Blantyre: tibzale khwisa pa dimba lija?

aNachisale (mlembi, Chilomoni): Moni nonse. Kumsonkhano wa Loweruka ku Limbe nthawi inatithera tisanamange mfundo pa za dimba lomwe amfumu anatipatsa m'mbali mwa mtsinje kwathu ku Bvumbwe. Achimwene a Dalitso akuti tibzalepo khwisa, amayi azipota ulusi. Tipitirize pano, koma mwaulemu, muno muli akuluakulu.

Dalitso (Ndirande): Zikomo amayi mlembi. Ndikudziwa kuti pomva khwisa aliyense akukumbuka kuyabwa basi. Koma mukathyola tsinde lokhwima n'kusenda khungwa, mkati mwake mumatuluka luzi lalitali, losalala, losaduka wamba. Ku Germany pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 thonje litasowa, ankakolola khwisa n'kupangira nsalu za asilikali. Ku Nepal mpaka lero amayi a m'mapiri amaomba nsalu ndi kuluka zikwama kuchokera ku khwisa wamkulu yemwe amati allo, ndipo mtundu umenewo umameranso m'mapiri a kuno ku Africa. Chomerachi chimakonda chinyezi, mthunzi pang'ono ndi nthaka ya chonde. Dimba lathu lili choncho kale. Mukadula chimaphukanso, simugula mbewu chaka ndi chaka.

Bambo Mbewe (Bangwe): Mphwanga, mawu ako ndamva, koma njira ya ana opita kusukulu imadutsa pomwepo. Ana athu ambiri amayenda opanda nsapato. Mwana akabwera miyendo ili zidzolo zokhazokha, mayi ake sakapita ku Nepal kukadandaula, adzafika pakhomo pa mlongo wanga chifukwa ndi amene amasunga makiyi a gulu kumudzi. Komanso chinthu chomera chokha m'tchire ukachipatsa malo abwino sichidziwa malire. Mawa chalowa m'dimba la tomato la oyandikana nawo, mlandu wayambika.

Dalitso: Amalume, mpanda tikhoza kumanga. Ndipo choyabwa ndi tiubweya ta pamasamba ndi patsinde pamene chili chachiwisi. Chikauma kapena chikawiritsidwa sichiyabwanso. Ulusi wake ungaupake pankhope osamva kanthu.

aNabanda (Zingwangwa): Ine ndine telala, ndiye funso langa ndi limodzi: adzagula ndani? Fakitale ya nsalu ya ku Makata, ija inayamba mu 1967 ngati David Whitehead, pano Mapeto, ntchito yake ndi ya thonje lobwera m'mabelo. Sitingapite kumeneko ndi kathumba ka luzi la khwisa. Pamsika wa Limbe malaya a pakaunjika ndi otchipa kuposa ulusi womwe mayi angapote sabata yonse. Ndiye tikanena msika tikunena alendo ndi masitolo a zaluso, ogula chikwama chimodzi chimodzi. Si kuti n'zoipa ayi. Koma tisauze amayi akumudzi kuti alemera, ife tisanaone ngakhale kachingwe kamodzi.

Aphunzitsi a Kalua (opuma, Chirimba): Ndiloleni nditalikitseko. Nkhaniyi sili pa chomera, ili m'manja. David Livingstone pofika m'chigwa cha Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, akupota ndi kuomba nsalu m'midzi mwawo. Makolo ena ankasula chiwondo kuchokera ku khungwa la mombo. Luso limenelo linazilala nsalu za m'sitolo zitafika. Chatsala kwathu ndi kupota chingwe pantchafu. Azakhali anga amatha: amatenga timaluzi tiwiri, kunyowetsa chikhatho, n'kukunkhuniza pantchafu kupita kutsogolo, kenaka kubweza kamodzi, timaluzi tija n'kulukana tokha. Akufika kumapeto amalumikiza kena mosaonetsa mfundo. Chingwe chotero chimamanga mbuzi ndi denga. Koma ulusi woombera nsalu uyenera kukhala wowonda mofanana kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ndipo zimenezo zimafuna kuphunzira kwa miyezi. Amene angaphunzitse ndi okalamba, ndipo akutha. Ngati pali chondikopa pa ganizo la Dalitso ndi chimenechi, kuti atsikana akhale pansi ndi agogo awo manja aja akadagwira.

Chikondi (Machinjiri): Ngati nkhani ndi luzi, bwanji osabzala khonje? Timalidziwa, silifuna madzi, limakhala mpanda lokha, ndipo zingwe zake zimagulidwa pamsika uliwonse. Ku Tanzania ndi ulimi waukulu ndithu.

Dalitso: Achemwali, khonje limafuna zaka ziwiri kapena zitatu musanadule tsamba loyamba, ndipo silikondwa ndi malo a lowe ngati dimba lija. Luzi lake n'lokhakhala, la zingwe ndi mikeka, osati lovala. Kumtunda kwa manda kuja lingachite bwino, pamenepo sinditsutsa.

aNachisale: Ndiyankhulepo ngati mayi, osati mlembi. Dalitso sunanene za madzi. Kuti luzi lisiyane ndi tsinde, mapesi amaviikidwa mpaka ayambe kuola, ndipo madzi ake amanunkha koopsa. Kumunsi kwa dimba n'kumene amayi amachapa, ena amatunga pomwepo mjigo ukawonongeka. Zoviika mumtsinje ine ndakana lero lomwe.

Dalitso: Mwanena zoona amayi. Tingaviike m'migolo, madzi ake n'kuthira m'munda kutali ndi mtsinje. Kapena kuyala mapesi pa udzu kuti mame ndi chifunga cha kwathu kuja ziwafewetse, kungoti zimachedwa ndipo muyenera kumawatembenuza. A ku Nepal amawiritsa makungwa ndi phulusa kenaka n'kumenya ndi kutsuka.

Bambo Mbewe: Kuwiritsa ndi nkhuni zochokera kuti? Mitengo inatha. Taonani zimene namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023, matope atatsika m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe. Kwathunso gombe la mtsinje linagumuka, dimba lija linachepa. Ine ndimafuna ndalama za gulu zipite ku nsungwi, vetiva ndi mitengo ya m'mbali mwa madzi. Nthaka ikapita, khwisayo mubzala pati?

aNabanda: Apa ndili mbali ya amalume. Koma ziwirizi sizikulimbana. Gombe litetezedwe kaye. Za khwisa tiyese ndi yemwe akumera yekha m'zigwa za mthunzi, tisanalime ngakhale mzere umodzi. Dalitso abweretse mpira umodzi wa ulusi, ine ndiuyesa pa singano ndi pa makina. Ukamaduka ndidzanena, ukalimba ndidzanenanso.

Chikondi: Ndipo pasapezeke woitanitsa mbewu yakunja pa intaneti. Khwisa wa ku Ulaya amayala mizu pansi, kumuchotsa n'kovuta, komanso kulowetsa mbewu m'dziko kumafuna chilolezo cha boma. Malo ofufuzira zaulimi a Bvumbwe tili nawo pafupi, tikawafunse kuti wathuyu ndi mtundu uti.

Wapampando (Bambo Gomani, Namiwawa): Ndawerenga zonse. Ndalama zomwe zili m'thumba zipita ku gombe mvula isanayambe, a Mbewe mutsogolere. Dalitso, gulu silikupatsa dimba chaka chino, koma likugulira magolovesi ndi mgolo umodzi. Aphunzitsi, mulankhule ndi azakhali anu ngati angalole kuphunzitsa. Chikondi, kalata yopita kwa a zofufuza ulembe ndiwe. Ulusi ukaoneka tidzavota.

Bambo Mbewe: Ndavomera za gombe. Za khwisa ndikadakana, mulembe choncho amayi mlembi.

Dalitso: Zikomo akuluakulu. Aphunzitsi, muwafunsenso azakhali kuti amadziwa chigwa chiti chomwe khwisa wake ndi wamtali. Wa kuseri kwa tchalitchi ndi wamfupi, luzi lake silingakwane kupota.