Chikasu cha Union Pacific chikubiriwira pa SD40-2 ya HO

Wopenta_HO87:
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Kasitomala wandipatsa chidole cha injini ya sitima ya SD40-2, cha sikelo ya HO (yochepetsedwa ka 87), chosapenta, pulasitiki yake yakuda bii, kuti ndichipente m'mitundu ya Union Pacific, kampani ya njanji ya ku America. Wandipatsanso chithunzi cha injini yeniyeniyo chojambulidwa mu 1980. Ndinathira primer (penti woyambira) yotuwa, kenako chikasu ndi airbrush, kachipangizo kopopera penti ndi mphepo. M'nyumba chimaoneka bwino, koma padzuwa chikubiriwira, makamaka m'mphepete mwa zitseko za injini. Ndikawonjezera penti, timahinji ta zitseko tikuyamba kukwiririka. Ndinayesanso kumata decal (kachomata kopyapyala) ya nambala pa chipinda cha dalaivala, pansi pake patuwa mbuu. Ndipitirize kuthira kapena ndichotse zonse?

AgogoNjanji:
Chotsani achimwene, musawononge penti. Chikasu sichiphimba, chilichonse chili pansi chimaonekera, ndiye chikakhala pa chotuwa kapena chakuda chimabiriwira basi. Viikani thupi lonselo mu isopropyl alcohol ya 91%, penti akafewa mukweche ndi mswachi wakale. Tsukani ndi sopo wa mbale, liume bwinobwino, ndipo musaligwirenso ndi manja opanda kanthu chifukwa mafuta a m'zala amakanitsa penti.

Primer ikhale yoyera. Ena amadonthezamo kofiira pang'ono kuti chikasu chituluke chofunda, ndipo pa Armour Yellow, chikasu cha Union Pacific, zimathandiza. Mphamvu ya mphepo ya airbrush ikhale pakati pa 15 ndi 20 psi, penti wosungunula bwino, muzithira mopyapyala kangapo, kudikira kuti aume kaye. Chikasu chiyambe, chotuwa cha Harbor Mist Gray cha padenga ndi pansi chibwere pambuyo. Mukamata tepi, thirani kaye chikasu chomwecho m'mphepete mwake. Chimatseka timipata, chotuwa sichilowerera pansi pa tepi.

MayiMaDecal:
Za decal zija vuto ndi mpweya, bambo. Penti wosanyezimira amakhala ndi timaenje tosaoneka ndi maso, decal imangokhala pamwamba, mpweya n'kutsekeredwa pansi. Kutuwa mukuonako n'kumeneko. Thirani vanishi wonyezimira musanamate chilichonse, mpaka thupi lisalale. Ikani mankhwala omatira decal a Micro Set pamalopo, tsetserekerani decal, ikakhazikika pakani oifewetsa a Micro Sol pamwamba. Idzachita makwinya, musaikhudze, imadziwongola yokha ikamauma. Pomwe patsala kathovu, boolani ndi nsonga ya singano, pakaninso. Mzere wofiira wolekanitsa chikasu ndi chotuwa muudule m'zidutswa zifupizifupi, wautali umapindika pa zitseko. Vanishi wosanyezimira ndi womaliza.

Mmisiri_N160:
Zonsezi n'zoona, koma musanathire primer yang'aninso chithunzicho. Mwati 1980. Ndiye injiniyo isakhale ndi ma ditch light, nyali ziwiri zam'munsi kutsogolo zija, chifukwa lamulo lowakakamiza ku America linafika kumapeto kwa 1997. Ma truck, zitsulo zonyamula mawilo zija, nthawi imeneyo Union Pacific inkawapenta siliva, kutuwa kunabwera pambuyo pake. Chachikulu ndi mphuno, gawo lotuluka kutsogolo kwa chipinda cha dalaivala. Kampani ya EMD inayamba kupanga SD40-2 mu 1972 ndi mphuno ya mainchesi 81, kenako inakhala 88, ndipo zina za Union Pacific zinali ndi yaitali ya 116. Nambala imene kasitomala akufuna igwirizane ndi mphuno ya thupi muli nalolo. Onaninso pomwe pali hutala, belu ndi pulawo ya chipale kutsogolo. Kasitomala wodziwa sitima amayamba kuona zimenezi asanaone penti.

Poti mukuchotsa penti kale, mpata ndi uno wopala tizogwirira tapulasitiki towumbira kumodzi ndi thupi. Boolani ndi kabowolero ka nambala 80, muike waya wa mamilimita 0.3. Kuboola mutapenta kumang'amba penti.

Wopenta_HO87:
Zikomo nonse. Ndayeza, mphuno ndi ya 88 ndipo ikugwirizana ndi chithunzi. Ma ditch light analipo m'paketi, ndawaika padera. Funso lina: chikasu cha m'chithunzi n'chosuluka kuposa cha m'botolo. Nditsate chiti?

AgogoNjanji:
Ine ndimatsata botolo. Zithunzi zakale zimanama mtundu, filimu imasuluka, komanso kuwala kwa m'mawa ndi kwa masana n'kosiyana.

Mmisiri_N160:
Pamenepo agogo ndisiyana nanu pang'ono. Filimu imasulukadi, koma dzuwa nalo limasulutsa penti wa injini, ndipo chinthu chochepetsedwa ka 87 chikapentedwa ndi mtundu wa m'botolo chimaoneka chakuda kuposa chenicheni. Njira yodziwira ilipo: yerekezani denga ndi m'mbali pa chithunzi chomwecho, kapena ngolo ina imene ili pafupi. Ngati zonse zasuluka mofanana, ndi filimu. Ngati pamwamba pokha ndiye pasuluka kwambiri, ndi dzuwa. Zikatero thirani mtundu wa m'botolo monga agogo anenera, matani ma decal, kenako pitani pamwamba ndi choyera chosungunula kwambiri kuti zilembo zofiira zisulukire limodzi ndi chikasu. Mwaye ukhale padenga kuzungulira potulukira utsi, fumbi pa ma truck ndi pa thanki ya dizilo.

AgogoNjanji:
Imeneyo ndiye ndavomera, bola choyeracho chibwere pambuyo pa ma decal.

MayiMaDecal:
Musaiwale zogwirira za m'mbali. Zambiri ndi za pulasitiki yoterera ya Delrin, penti amakanganuka mukangozipinda. Thirani kaye adhesion promoter imene amathira pa mabampa apulasitiki a galimoto, ndipo muziike pomaliza penipeni.

Wopenta_HO87:
Ndabwera ndi zotsatira. Pa primer yoyera chikasu chatuluka chowala bwino ngakhale padzuwa, timahinji tonse tikuoneka. Ma decal agona popanda kutuwa, kupatula chishango cha Union Pacific cha pamphuno chimene ndachiboola ndi singano n'kupakanso Micro Sol. Pa chithunzi denga ndi lomwe lasuluka kwambiri, choncho ndithira choyera chija pamwamba ndi pang'ono m'mbali. Ndamutumizira kasitomala chithunzi kuti avomereze ndisanathire vanishi womaliza.